Mwaika graphics card koma sikirini yangoti bii, kapena kompyuta ikungozima: poyambira ndi apa

Mwezi sutha osabwera munthu ndi nkhani yomweyi. Anagula kompyuta ya padesiki yogwiritsidwapo kale ntchito, zija zimachoka m'maofesi a kunja n'kudzagulitsidwa kuno, kaya ndi Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena Lenovo ThinkCentre. Polemba ndi pa intaneti yakhala ikumutumikira bwinobwino. Tsopano akufuna kuyamba kukonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, kapena kusewera magemu, ndiye wasunga ndalama miyezi ingapo n'kugula graphics card, khadi lomwe limatulutsa chithunzi pa sikirini. Waika, wayatsa, mafani akuzungulira koma sikirini ili bii. Wina zimamuonetsa bwino, koma akangotsegula gemu kompyuta imazima ngati magetsi apita.

Mawu oyamba amakhala akuti khadi ndi lakufa, wogulitsa wandibera. Zimachitikadi, ndipo ndifikako. Koma nthawi zambiri khadi limakhala lilibe vuto. Makina a muofesiwa ali ngati malaya osokedwa ndi telala: anayeza thupi la mwiniwake, osasiya nsalu yapadera. Power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta), kukula kwa bokosi, ngakhale mapulagi a m'kati, zonse anaziyezera ntchito ya muofesi basi. Mukabweretsa khadi lofuna magetsi ambiri ndi malo aakulu, penapake payenera kung'ambika. Ntchito yathu ndi kupeza pamene pang'ambikapo, kuyambira ndi zosalira ndalama.

Musanagwire chilichonse m'kati, zulani pulagi pa soketi, kenako dinani batani loyatsira kwa kanthawi kuti mphamvu yotsalira ithe. Gwirani chitsulo cha bokosi kaye, ndipo khadi muzilinyamulira m'mbali, osati pa timano take tagolide.

Mafani akuzungulira, chithunzi palibe

Pitani kumbuyo kwa bokosi lija ambirife timangolitchula kuti CPU. Tsopano kuli malo awiri olumikizira monita: akale a pa motherboard (bolodi lalikulu lomwe zonse zimalumikizidwapo), pafupi ndi mabowo a USB, ndi atsopano a pa khadi penipeni. Dzanja linazolowera malo akale, ndipo limabwezera chingwe komweko mwiniwake osaganizako. Makina ambiri akangozindikira kuti muli khadi amatseka malo akalewo. Sunthani chingwe chipite pa khadi, muonenso kuti monita yasankha khomo loyenera, HDMI kapena DisplayPort, kudzera pa timabatani take.

Apa pamabuka vuto lachiwiri, lomwe kwathu kuno ndi lofala kwambiri chifukwa mamonita ambiri akadali a VGA, chingwe cha mutu wabuluu wa mapini 15 chija. Kuyambira pa makhadi a GTX 10 omwe anatuluka mu 2016, Nvidia inasiya kutulutsa chithunzi cha mtundu womwe VGA imamva pa makhadi ake a magemu. Khomo la DVI mungalione pa GTX 1050 Ti, koma ndi la DVI-D. Liyang'anitsitseni: kumapeto kwake kuli kampata kopyapyala. Pakakhala timabowo 4 tozungulira kampatako, ndi DVI-I, ndipo kaadaputala wamba ka VGA kagwira. Pakakhala palibe timabowoto, kaadaputalako sikathandiza, ndipo musakakankhe ndi mphamvu. Chofunika ndi adaputala ya HDMI kupita ku VGA, kapena DisplayPort kupita ku VGA, yokhala ndi kachipangizo m'kati kosinthira chithunzi. Musanagule, bwerekani TV ya pabalaza ndi chingwe cha HDMI. Chithunzi chikatuluka pa TV, mwadziwa kuti khadi lili moyo.

Zikakanikabe, tsegulani bokosi. Chotsani khadi, mutayamba mwadina kachotsekera ka kumapeto kwa mpata wa PCIe momwe khadi limalowa, chifukwa mukangokoka mutha kuzula mpata wonse. Libwezeni molunjika mpaka kachotsekerako katseke kokha, timano tagolide tisaonekenso. Pa mabokosi ena chitsulo cha kumbuyo kwa khadi chimagunda m'mphepete khadi lisanakhale pansi, ndiye limaoneka ngati lalowa pomwe mbali imodzi yatukuka. Dinaninso RAM, popeza dzanja limaigunda polowetsa khadi. Kenako yang'anani m'mphepete mwa khadi ngati pali bowo la mapini 6 kapena 8. Ngati lilipo ndipo mulibe chingwe, khadilo silidzuka. Ndi bwino kudziwa kuti GTX 1050 Ti ndi GTX 1650 zina zili nalo bowoli pomwe zina zilibe, kutengera kampani yomwe inalipanga.

Chotsatira ndi BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yomwe imadzutsa kompyuta Windows isanayambe. Chotsani khadi, lumikizani monita pa motherboard, ndipo poyatsa dinani F2 ngati ndi Dell, F10 ngati ndi HP, F1 ngati ndi ThinkCentre, kuti mulowe mu BIOS. Vuto limabwera mbali ziwiri. Khadi lakale kwambiri, losadziwa UEFI (mtundu watsopano wa BIOS), limakanidwa ndi makina omwe Secure Boot ndi yoyatsa. Makina ena a HP amalira kasanu ndi kamodzi posonyeza kuti chithunzi chalephera kuyamba. Pamenepo mu BIOS zimitsani Secure Boot n'kuyatsa Legacy Support. Mbali inayo ndi khadi latsopano m'makina akale a chaka cha 2012 chisanafike, omwe BIOS yawo siimva makhadi ena a masiku ano. Mankhwala oyamba ndi kuika BIOS yomaliza yomwe opanga makinawo anatulutsa, yochokera pa webusaiti yawo. Koma chonde, chitani zimenezi muli pa UPS (batire losunga kompyuta yoyaka magetsi akazima) kapena pa nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi sazima. Akazima BIOS ili pakati polembedwa, motherboard imatha kufa osadzukanso. Lembaninso papepala chilichonse chomwe mwasintha, chifukwa Windows yoikidwa mwa njira yakale imakana kuyamba mukasinthira ku UEFI yokha, ndipo ngati diski ndi yotsekedwa ndi BitLocker idzakufunsani kiyi yake.

Ikuyaka, koma ikuzima ntchito ikakula

Apa ndi pomwe pagona nkhani yeniyeni, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Mpata wa PCIe pawokha umapereka mawati 75 basi. Chingwe cha mapini 6 chimawonjezera mawati 75, cha mapini 8 chimawonjezera 150. Tsopano onani zomwe makhadi amadya: GTX 1050 Ti ndi GTX 1650 amadya mawati 75, GTX 1060 imadya 120, RTX 3060 imadya 170, RX 580 imadya 185. Kenako werengani pepala lomatidwa pa power supply yanu. OptiPlex 9020 ya bokosi lalikulu ili ndi ya mawati 290, ya bokosi laling'ono 255. OptiPlex 7040 yaikulu ili ndi 240, yaing'ono 180. EliteDesk 800 G1 yaing'ono ili ndi 240. Pa mawati amenewa purosesa imatengapo kale gawo lake: i5-4570 ndi ya mawati 84, i5-6500 ndi ya 65. Diski, RAM ndi mafani nazonso zimafuna zake.

Tiwerengere limodzi. Purosesa ya 84 ndi khadi la 75 zikukwana 159, kuwonjezera zina zonse tinene kuti tafika pa 200. Power supply ya 290 inyamula popanda kudandaula. Koma purosesa yomweyo ndi RX 580 zikukwana 269 tisanawerengere china chilichonse, pa power supply yomwe yagwira kale ntchito zaka 10. Mukakhala pa Facebook khadi limakhala likupuma, ndiye zonse zimaoneka bwino. Mukangoyamba kutulutsa vidiyo kapena gemu ikafika potentha, khadi limakoka magetsi mwadzidzidzi, power supply n'kudziteteza pozima. Nambala yofunika kwambiri pa pepala lija si yaikulu yolembedwa pamwamba, koma ya mzere wa 12V. Chulukitsani maampu ake ndi 12: ngati palembedwa 18A, ndiye kuti ndi mawati 216, ndipo khadi ndi purosesa zimadya pamenepo.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Vuto la magetsi limadula kamodzi n'kamodzi, popanda chenjezo, mwina kompyuta n'kudziyatsanso yokha. Vuto la kutentha limayamba pang'onopang'ono: mafani amakuwa, chithunzi chimayamba kudodoma, kenako ndi pomwe imazima. Mu Event Viewer ya Windows mupezamo uthenga wa Kernel-Power 41, koma uwo umangonena kuti kompyuta inazima mosayenera, sunena chifukwa.

Power supply za makina a muofesi nthawi zambiri zilibe chingwe cha mapini 6, ndipo apa ndi pomwe anthu amagwa m'mbuna. Chaka chatha mwana wa mlongo wanga anandiimbira usiku. "Malume, kompyuta ikugwira, koma m'chipinda muno mukununkha ngati waya wapsa." Ndinamuuza kuti azule pulagi nthawi yomweyo, asayatsenso mpaka nditafika. M'mawa titatsegula, tinapeza kaadaputala kochokera pa chingwe cha SATA (chopereka magetsi ku diski) kupita ku mapini 6, kamene wina anamugulitsa pamodzi ndi khadi n'kumuuza kuti ndi mmene aliyense amachitira. Pulasitiki wakuda uja anali atafewa n'kupindika, mawaya achikasu atasanduka ofiirira pamene amalowera, ndipo titakoka, pulagi inatuluka ndi zidutswa zomatirira ngati phula. Bokosilo linali pansi pa tebulo lathabwa, pafupi ndi katani. Mtima wanga unagunda nditaganiza kuti akanaisiya ikutulutsa vidiyo iye n'kukagona. Pulagi ya SATA inapangidwira mawati pafupifupi 54 okha pa 12V, pomwe khadi limayembekezera 75 kapena kuposa pa chingwe chimenecho. Pa makina ena, chingwe cha SATA chimachokera pa motherboard, ndiye moto umadutsa m'bolodi momwemo. Adaputala imeneyi musaigwiritse ntchito, ngakhale mutaona ina ikugwira kwa mnzanu.

Ndiye ingosinthani power supply, atero ena. Pa makina ena n'zotheka mosavuta: OptiPlex 7010 ya bokosi lalikulu ili ndi pulagi wamba ya mapini 24. Koma kuyambira pa 3020, 7020 ndi 9020, Dell inaika pulagi yakeyake ya mapini 8, ndipo pa 7050 ya mapini 6. HP ili ndi yake ya mapini 6, Lenovo ya mapini 14 kenako 10. Pulagi ya mapini 8 ya Dell imaoneka ngati ya khadi kapena ya purosesa, koma mawaya ake anayalidwa mosiyana, ndipo mukalowetsa yolakwika mwapsereza motherboard. Maadaputala ochoka pa mapini 24 kupita ku mapulagi amenewa alipo, koma ayenera kukhala a mtundu wa makina anu enieniwo. Abwino amakhala ndi kabolodi kakang'ono pakati, chifukwa ambiri mwa makinawa amadikira pa 12V akakhala ozimitsa pomwe power supply wamba imapereka 5V. Pamwamba pa izo, m'bokosi laling'ono power supply wamba silowa n'komwe.

Maganizo anga ndi awa. Ngati bokosi lanu ndi laling'ono, kapena pulagi yake ndi yachilendo, musalimbane nazo. Gulani khadi lodya pa mpata pokha. Ndalama za power supply yatsopano, adaputala ndi khadi lalikulu mukaziphatikiza, mupeza kuti mwatsala pang'ono kumanga kompyuta ina, ndipo purosesa yakaleyo silingalitumikire mokwanira khadi lalikululo. Ngati mwasankhabe kusintha, inyamuleni m'manja power supply musanalipire. Zilipo zolembedwa mawati 500 koma zopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndipo zimenezo zimafa pamodzi ndi khadi. Onaninso kumbuyo kwake ngati kuli kaswichi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi athu ndi a 230, ndipo chipangizo chochokera ku America chikhoza kubwera chili pa 115. Mukachilumikiza chonchi chimaphulika nthawi yomweyo.

Musaiwale UPS. Ya 650VA imapereka mawati ochepera 400, ndipo ngati batire lake latopa ndi ochepa kuposa pamenepo. Kale inkanyamula kompyuta ndi monita mosavuta, koma khadi lawonjezera katundu. Ngati imalira kompyuta isanazime, lumikizani pa soketi ya pakhoma mwachindunji muone ngati vutolo lipitirira. Chimodzimodzi ndi inveta yaing'ono ya sola.

Khadi silikulowa

Izi zimapeweka ndi tepi yoyezera. Bokosi laling'ono limafuna khadi lalifupi, lomwe pa katoni pake pamalembedwa kuti low profile, lokhala ndi chitsulo chachifupi cha kumbuyo. Chitsulocho chimabwera padera m'katoni ndipo mumasintha nokha ndi sikuludiraiva. Pa khadi logula kwa munthu funsani ngati chilipo. Yezaninso kunenepa. Pa makina ambiri aang'ono mpata waukulu uli pafupi kwambiri ndi power supply, moti khadi lotenga mipata iwiri silikhala, ndipo likakhala fani yake imapuma pa chitsulo. Pa mabokosi aakulu chotchinga chimakhala chosungiramo diski, chomwe chimagunda mchira wa khadi lalitali.

Mwa makhadi odya pa mpata pokha, GTX 1650 ya 2019 ndi RTX 3050 ya 6 GB ya 2024, yomwe imadya mawati 70, ndi omwe ndimawakhulupirira. RX 6400 imadya mawati 53 okha ndipo ilipo yopyapyala, koma ili ndi misewu 4 yokha ya PCIe, choncho pa motherboard yakale imachepa liwiro, komanso ilibe gawo lothandiza kutulutsa mavidiyo. Wokonza mavidiyo a ukwati asaigule. GT 1030 ilipo mitundu iwiri ya dzina limodzi, ya GDDR5 ndi ya DDR4, ndipo ya DDR4 ndi yofooka kwambiri. Makhadi a Intel Arc amafuna njira ya mu BIOS yotchedwa Resizable BAR, yomwe makina akalewa alibe.

Chithunzi chilipo koma n'chachikulu, kapena Windows ikuti Code 43

Tsegulani Device Manager mu Windows. Mukaona Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti madiraiva a khadi, mapulogalamu omwe amachititsa Windows kumvana nalo, sanalowe. Atengeni pa webusaiti ya Nvidia kapena AMD, osati pa CD yobwera ndi khadi, ndipo konzani bandulo yokwanira chifukwa amaposa 500 MB. Ngati munali khadi lina kale, makamaka la kampani ina, chotsani madiraiva akale ndi pulogalamu ya Display Driver Uninstaller muli mu Safe Mode, intaneti mutaizimitsa kuti Windows isathamangire kuika ake.

Mukachita zonsezi koma pa dzina la khadi pakadali kachizindikiro kachikasu ndi Code 43, yambani kulikayikira khadilo. Pali makhadi achinyengo ambiri olembedwa GTX 1050 Ti, omwe m'kati mwake ndi GTS 450 ya 2010 yosinthidwa dzina. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imawaulula: GTX 1050 Ti yeniyeni imaonetsa ma shader (timagawo ta chipu togwira ntchito) 768, yachinyengo imaonetsa 192, ndipo nthawi zambiri pulogalamuyo imalemba mawu akuti FAKE pafupi ndi dzina. Ngakhale ndi maso mutha kuligwira: likakhala ndi khomo la VGA, katoni yopanda dzina la kampani, ndi mtengo wokoma modabwitsa, bwererani. Khadi lotere limavomera madiraiva a pa CD yake yokha, ndipo gemu ikangofuna memori yomwe palibe, imatseka.

Gulu lina ndi la makhadi omwe ankakumbira ndalama za pa intaneti usana ndi usiku. Ethereum, imodzi mwa ndalamazo, itasiya njira yokumba mu September 2022, ambiri anatsanulidwa pa msika, makamaka RX 570 ndi RX 580. Ena akugwirabe ntchito bwino, koma ena anasinthidwa BIOS yawo, ndipo madiraiva wamba amawakana. Zimakonzeka pobwezera BIOS yoyambirira, koma imeneyo ndi ntchito ya wodziwa. Mukaona timabokosi tamitundu, mizere kapena madontho pa sikirini ngakhale Windows isanayambe, memori ya khadi yawonongeka ndipo madiraiva sangachize.

Likugwira, koma likutentha kapena liwiro silinasinthe

Bokosi la muofesi lili ndi fani imodzi kapena ziwiri, zowerengeredwa purosesa yokha. Mwezi wa October, m'chipinda cha malata, khadi limafika msanga pa madigiri 83, pomwe makhadi ambiri a Nvidia amayamba kudzichepetsa liwiro okha. GPU-Z yomweyo ikuonetsani kutentha. Chotsani chivundikiro cha m'mbali muyesenso. Kutentha kukatsika kwambiri, vuto ndi mpweya. Pemererani fumbi, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire, chotsani bokosi pansi pomwe limayamwa fumbi, ndipo lisagunde khoma. Khadi lakale limafunanso phala latsopano pakati pa chipu ndi chitsulo choziziritsa.

Ngati silikutentha koma gemu ikudodomabe, tsegulani Task Manager gemu ili m'kati. Purosesa ikakhala pa 100 peresenti khadi lili pa 50, chotsalira ndi purosesa, ndipo khadi lalikulu silisintha kanthu. Onaninso RAM: kandodo kamodzi ka 8 GB kamachedwa poyerekeza ndi tiwiri ta 4 GB toikidwa m'mipata yoyenera, ndipo pa mavidiyo 16 GB ndi yomwe imapumitsa. Ngati Windows ikadali pa diski yozungulira, SSD, diski yosazungulira yothamanga kwambiri, idzakusangalatsani kuposa mmene khadi linachitira.

Zonsezi zikalephera, chatsala ndi kuyesa mosinthanitsa. Tengani khadi lanu mukaliike m'kompyuta ya mnzanu yokhala ndi power supply yamphamvu, ndipo ngati n'kotheka bwerekani khadi laling'ono lodziwika kuti ndi labwino muliike mwanu. Lanu likagwira kwa mnzanu, vuto lili m'bokosi lanu, ndipo mubwererenso pa magetsi ndi BIOS. Likakana m'makina awiri, libwezeni kwa wogulitsa pamodzi ndi chithunzi cha zomwe GPU-Z yaonetsa. Mwana wa mlongo wanga uja tinasinthanitsa khadi lake lalikulu ndi GTX 1650 yopanda bowo la chingwe, tinadula mutu wa SATA wopsererawo n'kukulunga mawaya ake bwinobwino, ndipo diski tinailumikiza pa mutu wina womwe unali wabwino. Ulendo uno anapita kwa wogulitsa atanyamula bokosi lake lomwe, khadi analiika pomwepo, n'kutulutsa vidiyo ya mphindi 20 asanapereke ndalama.